Si kuchoka konse kwa asilikali komwe kuli kuthawa

Akonzi,

Ndithokoze pondipatsako danga mu nyuzi yathuyi. Ine ndine mlimi chabe wa fodya ndi soya kuno ku Kasungu koma nkhani za nkhondo ndimazitsata kwambiri, pa wailesi, m'mabuku akale ndi pafoni pomwe bandulo ikakhalapo. Chandilembetsa kalatayi ndi momwe tikumwazira mawu oti "athawa". Asilikali akangochoka pamalo basi ife timvekere athawa, kaya achoka masana ndi malole dziko lonse likuonerera, athawa, kaya achoka usiku mdani osadziwa, athawa, olo boma lawo lomwe liwaitane kuti bwerani kumudzi, athawabe. Chibwerereni asilikali athu ku Goma, ku DRC, mu 2025 mawu amenewa sakuchoka pakamwa pa anthu, pabawo, m'maminibasi a pa M1, makamakanso m'magulupu a WhatsApp momwe aliyense ndi jenerale, ndipo ngakhale atolankhani ena pena amalemba ngati kuchoka konse nkumodzi. Eni ake ntchitoyi satero ayi, kachokedwe kalikonse ali nako ndi dzina lake, ndipo kamodzi mwa iko ndi ntchito yovuta kuposa kulowa kumene.

Asilikali ali ndi mawu oti exfiltration, pofupikitsa amangoti exfil. Mnzake ndi infiltration, kuja kolowa mobisa m'dera la mdani pang'onopang'ono, awiriawiri kaya atatuatatu osaonedwa. Nde exfil ndi kutulukamo kwake, kutulutsa anthu ako kapena chinthu chofunika m'dera lomwe mdani akulamulira kapena wakuzinga, iyeyo osazindikira kuti mukupita. Nkhani yonse yagona pa kusazindikirako. Mukatuluka mukuombera, mdani akuona kuti mukuboola mpanda wake ndi mphamvu, imeneyo ndi ina, amati breakout. Helikopita ikatera nkukunyamulani mwachangu fumbi lili koboo aliyense akumva phokoso, ambiri amati extraction, ngakhale pakamwa pa asilikali mawu awiriwa pena amalowana. Mukachoka poyera mwadongosolo, magulu akusinthana kutetezana, ndi withdrawal wamba. Exfil yeniyeni ndi ija mdani amadzuka mmawa, kumwa tiyi wake, nkupitiriza kuombera malo omwe mulibe munthu. Pomwe kuthawa, kuthawa kwenikweni, ndi pamene dongosolo lafa, aliyense mwendo pakhosi kulowera kwake, mfuti kutaya, wovulala kumusiya akulira, komanda osamveredwanso. Zimenezo zimachitika ndithu kunkhondo sindikukana, koma musandiuze kuti ndi chimodzimodzi ndi anthu omwe akhala milungu akukonza kuti atuluke onse amoyo.

Malume anga anali msilikali nthawi ija ankhondo athu ankalondera njanji ya ku Nacala ku Mozambique cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Renamo ikuvuta, ndipo atapuma ntchito ankakonda kutionetsa ana ife momwe gulu limakonzekera ulendo wa usiku. Sankafotokoza za kuomba mfuti, zawo zinali za phokoso basi. Amatenga kapu yachitsulo nkuilowetsa mu sokosi kuti isagundane ndi supuni. Botolo la madzi amati lidzadze mpaka pakamwa kapena likhale lopanda kanthu, chifukwa latheka limayankhula ukamayenda, khuvu khuvu, ndipo usiku kuthengo kakhuvu kameneko kamamveka patali. Akamanga zonse munthu amadumphadumpha pamaso pa sajeni, kakalira kenakake masula umangenso. Fodya ayi, moto wa ndudu umaoneka kutali ndipo fungo lake mphepo imakapereka kwa mdani ulere. Wachifuwa amatsokomolera m'chipewa atachifinyira kukamwa. Asananyamuke aliyense amauzidwa malo okumanirana akabalalika, omwe iwo ankati RV, ndi ena achiwiri ngati oyambawo aipa, ndipo pofika pamenepo sajeni samaitana mayina, amagwira phewa la aliyense akamadutsa nkumawerenga chamumtima, nambala ikapanda kukwana simuchoka. Chomwe ankabwereza kawirikawiri nchakuti njira yomwe walowera si yotulukira, poti mdani akaona mapazi amakakudikira pomwepo, komanso kuti pulani yotulukira imakonzedwa musanalowe nkomwe, nkhanga zinapangana kusanapse. Ine ndili mwana zinkandibowa, ndinkafuna za mabomba.

Chitsanzo chomwe chimandikomera kwambiri ndi cha ku Gallipoli, ku Turkey, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, yomwe ija makolo athu kuno ankasenza katundu wa mtengatenga. Angelezi ndi anzawo a ku Australia, New Zealand ndi France anakocheza kumeneko mu Epulo 1915 poganiza kuti atsegula njira ya pamadzi yopita ku Constantinople, Istanbul ya lero, koma a Turkey anawapanikizira m'mphepete mwa nyanja, alendo kumunsi eni dziko pamwamba pa zitunda, miyezi ndi miyezi anthu akungofa malo osasuntha. Nkhani yochokako itayamba kumveka mkulu wawo Ian Hamilton anawerengera kuti theka la asilikali likhoza kuthera pagombe pokwera maboti, ndipo sankanama kwenikweni chifukwa malo ena ngalande za mbali ziwirizi zinali moyandikana zedi moti bomba la pamanja limafika bwinobwino, ukangotembenuka kuti uzipita mnzako wakuona. Nde taonani zomwe anachita anthuwa. Kumapeto kwa Novembala anayamba kukhala chete dala, masiku angapo osaombera olo kamodzi, a Turkey akati tisuzumire mwina apita amalandiridwa ndi zipolopolo, mpaka anazolowera kuti anthuwa akakhala zii sikuti achoka. Kenako mu Disembala usiku uliwonse magulu amatsikira kugombe nsapato atazikulunga ndi masaka, tinjira atatithira ufa kuti tizioneka mumdima, kukacha otsalawo nkumayendayenda ngati ali ambiri, kukoleza moto wophikira ponseponse ngati kale, ena mpaka kusewera cricket poyera kuti mdani aone kuti kuno zonse zili bwino.

Vuto linali usiku womaliza, anthu omalizira akachoka mungalande ndani aziombera? Mnyamata wina wa ku Australia, William Scurry, anabwera ndi nzeru ya zitini ziwiri. Mfuti amaimangirira pamalo, chitini chimodzi pamwamba chodzadza madzi atachiboola kabowo, china pansi chopanda kanthu chomangidwa ndi chingwe ku kachitsulo kokhethemulira mfuti, madzi aja dontho dontho mpaka chapansicho chikalemera chimakoka chingwe mfuti nkulira yokha, mwini wake ali kale m'boti. Ina imalira pakapita mphindi 20, ina mochedwerapo, malinga ndi kukula kwa bowo. Mbandakucha wa pa 20 Disembala 1915 munthu womaliza anachoka, ndipo anthu oposa 80,000 anatuluka pa magombe a Anzac ndi Suvla ovulala ali owerengeka pa zala. Anabwerezanso pa gombe lotsala la Helles pa 9 Januwale 1916, anthu pafupifupi 35,000, a Turkey ali tcheru kale koma zinathekabe. Pa nkhondo yonse ya ku Gallipoli yomwe inadya anthu miyandamiyanda chopanda phindu, chinthu chokha chomwe chinayenda monga mwa pulani chinali kuchokako. Ndiye wina ali pa kabaza angoti "anathawa", eti.

A ku Japan nawo anachitapo zawo pa chilumba cha Kiska kufupi ndi Alaska mu Julayi 1943. Anadikira chifunga, sitima zawo nkulowa, anthu oposa 5,000 kukwera osakwana ola limodzi, ulendo. Amereka anapitiriza kuphulitsa chilumba chopanda anthu kwa masabata awiri ndi kuposa, pa 15 Ogasiti nkutsitsa asilikali oposa 34,000 pamodzi ndi a ku Canada, ndipo ena anafa poomberana okhaokha m'chifungamo ndi kuponda mabomba okwirira, mdani kulibe.

Kunena zoona ife a ku Kasungu sitiyenera kudabwa nazo zimenezi, amene anakhalako pafupi ndi maesiteti a fodya akudziwa momwe tenanti amachokera ngongole ya chimanga ikamufika m'khosi bwana akungomudyera masuku pamutu. Sanyamuka tsiku limodzi ayi. Mbuzi imayamba ndiyo, akuti yapita kwa alamu kukakumana ndi tonde. Mapoto ndi mabulangete zimatuluka m'thumba la feteleza pamutu pa mayi ngati akupita kuchigayo. Ana akuti akaone agogo akudwala. Tsiku lomaliza bambo amasoka fodya mushedi mpaka dzuwa kulowa, kupereka moni kwa kapitawo mwaulemu wonse, kusiya chikuni chikufuka pakhomo ndi malaya akutha pachingwe, tambala asanalire munthu ali pa Chinkhoma akuimitsa lole. Kapitawo amadutsa mmawa nkuona utsi nkumati alipo. Munthu ameneyu mukhoza kumunena zambiri, za ngongoleyo ndi zina, koma kuti anachita mopupuluma ndi mantha ayi, analinganiza, anadziwa choyamba kutuluka ndi chomalizira, anadziwanso choti asiye kuti maso a bwana akhute.

Mawu omwewa amagwiranso ntchito kwa akazitape, kumeneko nkumene amatchuka kwambiri, kutulutsa munthu mmodzi kapena ochepa m'dziko lomwe akusakidwa. Ku Iran ophunzira atalanda ofesi ya kazembe wa America pa 4 Novembala 1979 nkugwira anthu omwe anali momwemo, anthu 6 anazemba nkukabisala m'nyumba za akazembe a Canada. A CIA, akazitape a America, kudzera mwa Tony Mendez anawapangira nkhani yoti ndi anthu opanga filimu odzaona malo, mapasipoti a Canada m'manja, ndipo kumapeto kwa Januwale 1980 anadutsa pabwalo la ndege la Tehran nkukwera ndege yopita ku Zurich, opanda mfuti olo imodzi. Miyezi itatu kutsogolo kwake Amereka omwewo anayesa kupulumutsa otsalawo ndi mphamvu, ndege ndi mahelikopita m'chipululu, zinakanika, asilikali awo 8 anafera pomwepo, ndipo anthu 52 aja anakhala m'manja mwa owagwira masiku 444. Ina yomwe imandiseketsa ndi ya Oleg Gordievsky, mmodzi wa akuluakulu a KGB, akazitape a Soviet Union, yemwe ankagwirira ntchito Angelezi mobisa. Mu Julayi 1985 anzake atayamba kumukayikira, Angelezi anamutulutsa ku Soviet Union atamugoneka mu buti ya galimoto ya akazembe kulowera ku Finland, ndipo paboda agalu onunkhiza atayandikira, mayi wina wa m'gulumo anagoneka mwana wake pamwamba pa buti pomwepo nkuyamba kumusintha thewera, fungo lija galu nkubwerera. Taganizani, dziko la mabomba a nyukiliya kugonja ndi thewera la khanda.

Kwathu kuno zinachitikaponso, tisamangoyang'ana kunja. Henry Masauko Chipembere ataukira boma la Kamuzu mu Febuluwale 1965, anayamba ndi Fort Johnston, Mangochi ya lero, nkulunjika ku Zomba koma pa Liwonde anapeza pantoni ili tsidya lina, ulendo unathera pamenepo. Anabisala m'mapiri a kwawo asilikali akumusaka, matenda a shuga nawo akumuvuta, mpaka mu Epulo chaka chomwecho anatulutsidwa m'dziko muno mwachinsinsi mothandizidwa ndi Amereka ndi Angelezi nkukafika ku America, anthu wamba akuganizabe kuti ali kuthengo. Imeneyo ndi exfiltration ndendende. Koma ndaitchula dala chifukwa ili ndi mbali yowawa yomwe okonda mawuwa sakonda kuikamba, otsala. Mtsogoleri anatuluka wamoyo, anthu a m'midzi ya ku Mangochi ndiwo anaona zakuda, ambiri kutsekeredwa, ndipo Medson Silombela yemwe anapitiriza kumenya anagwidwa nkunyongedwa mu 1966. Ndibwereranso ku mfundo imeneyi.

Tsopano za ku Goma zomwe zinayambitsa mkangano wonsewu. Asilikali athu anapita kumeneko pansi pa SADC, gulu lija linkatchedwa SAMIDRC, pamodzi ndi a South Africa ndi Tanzania kuyambira mu Disembala 2023, kukathandiza boma la DRC kulimbana ndi zigawenga za M23. Mu Januwale 2025 M23 inalowa mu Goma, pa kumenyanako tinataya anyamata athu 3, South Africa inataya 14. Bwalo la ndege linatsekedwa, makampu a SADC anakhala pakati pa dera lomwe M23 ikulamulira. Mu Febuluwale a Lazarus Chakwera, ali pampando nthawi imeneyo, analamula mkulu wa asilikali kuti ayambe kukonzekera kubweza anyamata, pa 13 Malichi atsogoleri a SADC anagwirizana kuti ntchitoyo yatha, akuluakulu a asilikali anakambirana ndi M23 za kachokedwe, ndipo kuyambira kumapeto kwa Epulo katundu ndi anthu anayamba kutuluka pamsewu kudutsa mu Rwanda kupita ku Chato ku Tanzania, kenako kwawo. Tsono apa pali anthu awiri omwe ndikutsutsana nawo. Woyamba ndi uja akuti anathawa. Anathawa bwanji anthu omwe anakhala m'kampu miyezi itatu Goma itagwa kale, madzi ndi chakudya zili zovuta, kudikira lamulo la atsogoleri awo? Wothawa sadikira samiti. Wachiwiri ndi mnyamata wina wa pagulupu yathu, wophunzira bwino ndithu, yemwe pofuna kuwaikira kumbuyo analemba kuti ayi imene ija inali tactical exfiltration. Aaa, nayenso waphonya. Zobisa zinali pati pamene malole ankadutsa paboda masana, akuperekezedwa ndi a Rwanda, makamera akujambula? Kuja kunali kuchoka kogwirizana, kwa poyera, kochita kupempha njira kwa dziko lomwe UN yomwe imati likuthandiza M23, ndipo kuwawa kwake kuli pamenepo. Funso loyenera silopita kwa msilikali ayi, ndi lopita kwa andale omwe anawatumiza, kuti kodi munawapatsa zida zokwanira, ndege zowateteza zinali kuti, ndipo musanawalowetse munakonza njira yowatulutsira zikavuta? Tikangoti athawa andale aja timawamasula, mlandu nkugwera mwana wa mnzathu wa ku Wimbe kaya ku Santhe yemwe anangomvera lamulo.

Komanso amene amanyoza asilikali athu pa nkhani yobwerera mmbuyo mwina anaiwala za Chancy Chitete. Mu Novembala 2018 kufupi ndi Beni, ku DRC komweko koma pansi pa UN, asilikali a Malawi ndi a Tanzania anakumana ndi moto woopsa wa zigawenga za ADF m'nkhalango. A Malawi anagwira ntchito yoombera kuti anzawo a Tanzania apeze mpata wobwerera pamalo abwino, ndipo nthawi yoti nawonso abwerere itakwana Chitete anaona msilikali wa Tanzania atagona wovulala, anabwerera zipolopolo zikuvumba nkumukokera pobisika, akumuthandiza mabala iyeyo anaomberedwa nkufa. Wa ku Tanzania uja anapulumuka. Pa nkhondo imeneyo tinataya anyamata 6, ndipo mu Meyi 2019 mkulu wa UN António Guterres anapereka kwa banja la Chitete mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yomwe ndi yapamwamba kwambiri kwa asilikali osungitsa mtendere. Onani bwino, ulemu waukulu womwe msilikali wa Malawi analandirapo ku UN anaupeza pa nthawi yobwerera mmbuyo, osati yolanda malo. Pa kuchoka kulikonse, kobisa kaya kwa poyera, pamakhala kagulu kotsalira kuti anzawo adutse, ndipo amenewo amadziwa kuti mwina boti lomaliza kapena lole yomaliza siwapeza. Ku Gallipoli anthu ankachita kulimbirana kuti akhale m'kagulu komalizako.

Koma ndisakometse zinthu mopitirira, mawu a usilikaliwa pena amakhala sopo wochapira manyazi. Boma lililonse likagonja limafuna liwu lokoma, limvekere tasintha malo mwanzeru, takonzanso mizere, pomwe zoona zake lakwapulidwa. Winston Churchill yemwe, asilikali oposa 338,000 atapulumutsidwa ku Dunkirk ku France mu 1940 anthu akuvina, anawachenjeza kuti nkhondo sapambana ndi kusamutsa anthu. A Turkey ku Gallipoli anapusitsidwa pa kuchokako koma dziko linatsala lawo, opambana anali iwowo. Nde pamene ndikuti exfil si kuthawa sindikuti ndi chipambano, ndikuti ndi luso lopulumutsa anthu pomwe zinthu zaipa kale kapena pomwe ntchito yomwe munalowera yatha.

Ndipo pali kuchoka kwina kobisa komwe ine ndemwe sindingakuikire kumbuyo. Pa 2 Julayi 2021 Amereka anachoka pa Bagram, kampu yawo yaikulu ku Afghanistan yomwe anakhalapo pafupifupi zaka 20, usiku, magetsi nkuzima. Mkulu wa asilikali a Afghanistan yemwe amayenera kulandira malowo, Mir Asadullah Kohistani, anauza atolankhani kuti iye anadziwa patadutsa maola awiri anthu atapita kale, mbava zitalowa nkuyamba kutola katundu. Amereka anati iwo anakambirana ndi akuluakulu a boma, koma munthu wa pamalopo ndi zomwe ananena. Pa 15 Ogasiti Kabul inagwa m'manja mwa Taliban. Mwaukadaulo kachokedwe ka pa Bagram kanayenda bwino, palibe msilikali wawo anavulala usiku umenewo, koma womubisira uja anali ndani? Exfil imayenera kupusitsa mdani, ikayamba kupusitsa mnzako yemwe mwamenya naye nkhondo limodzi zaka zonsezi, yemwe mawa akumana ndi mdaniyo yekha, pamenepo ine ndilibe nalo dzina labwino. Nchifukwa chake ndinatchula za otsala a Chipembere. Mukamalemba nkhani zoterezi Akonzi muzifunsa mafunso awiri, watuluka ndani, nanga watsala ndani ndipo anauzidwa?

China chomwe chikundidetsa nkhawa ndi mafoni athuwa. Ntchito yonse ya kuchoka mobisa imadalira pakamwa potseka, koma masiku ano msilikali akangouza mkazi wake kuti tinyamuka Lachinayi, mkazi auza mlamu, mlamu aika pa status kuti "Ambuye atsogolere achimwene pa ulendo wa Lachinayi" ndi chithunzi cha yunifolomu pamwamba, pofika madzulo nkhani ili pa Facebook anthu akulemba Amen. Abale tikuchita mwachikondi inde koma mbali inayo nayonso ili ndi mafoni ndipo imawerenga. Ku Makiivka ku Ukraine usiku wolowera chaka cha 2023 mizinga inagwera nyumba yomwe munali asilikali a Russia, boma lawo linavomera kuti anafa 89 ndipo linaloza chala mafoni omwe anyamatawo ankayatsa ngakhale analetsedwa. Zitini za Scurry lero sizingathandize ngati wina m'gulumo akujambula vidiyo ya TikTok pagombe. Paja anthu a makompyuta nawo anabwereka mawu omwewa, akuba akalowa mu kompyuta ya banki kaya ya boma nkumatulutsa mafayilo pang'onopang'ono eni ake osadziwa amati data exfiltration, nde mukawaona mu nkhani ya intaneti musadabwe kuti asilikali alowa pati.

Pempho langa kwa inu Akonzi ndi atolankhani anu ndi lakuti mukamatipatsa nkhani za nkhondo m'Chichewa muzitiuza kachokedwe kake. Chichewa sichikusowa mawu, tikhoza kunena kuti azemba usiku mdani osadziwa, kapena abwerera mmbuyo mwadongosolo, kapena atuluka atagwirizana ndi adani awo, kapena aboola mpanda, ndipo pomwe abalalikadi nkutaya zida nenani mosaopa kuti athawa, ife owerenga tidzadziwa kuti nyuzi yathu ikati athawa ndiye kuti athawadi. Mitu ya nkhani ija yongofuna kuti anthu adine imapweteka mabanja, kuno kuli amayi omwe ana awo anali ku Goma ndipo amapita kumsika womwewo ndi anthu onyozawo.

Komanso Novembala akubwera, mwezi wokumbukira asilikali, m'malo mongotionetsa zithunzi za akuluakulu akuika nkhata za maluwa pa chipilala ku Zomba ndi ku Lilongwe chaka ndi chaka, tumizaniko mtolankhani akacheze ndi asilikali opuma, alipo ambiri m'midzimu omwe anali ku Nacala, ku Ivory Coast ndi ku Congo, akawafunse momwe gulu limatulukira m'nkhalango usiku mdani ali pafupi, ndani amatsala kumbuyo ndipo amasankhidwa bwanji, wovulala amanyamulidwa motani popanda kubuula. Malume anga anapita nazo kumanda zambiri chifukwa ife tinkangofuna za mabomba, koma anzawo akadalipo, ena amabwera pa boma pano kumapeto kwa mwezi kudzatenga penshoni, mtolankhani wanu sangavutike kuwapeza.

Ine wanu wowerenga,
Mlimi wa ku Chamama,
Kasungu